Makope a Mayi Naliwa

Mayi Naliwa tawaika m'manda Lachisanu lapitali, ndipo kuno ku Mbedza anthu akunenabe kuti tsikulo linawakomera. Maliro akanagwera Lamulungu bwenzi pali vuto, chifukwa aliyense akudziwa kuti Lamulungu, nthawi ikamayandikira folo koloko masana, mayi amenewa sankapezeka pa maliro a munthu aliyense. Ngakhale pa maliro awo omwe akanadzuka n'kutisiya tikuimba.

Ine ndakhala nawo moyandikana zaka zambiri, nyumba zathu zimangolekana ndi mpanda wa nsungwi. Ndine mphunzitsi, ndipo dzina langa lenileni sindikhulupirira kuti analigwirapo. Kwa iwo ndinali "aphunzitsi" kuyambira tsiku loyamba. Zambiri zimene ndikulembazi ndinaziona ndi maso anga, komabe ndikulemba mwamantha, poti eni ake ankadana kwambiri ndi munthu wofotokoza nkhani modumphadumpha.

Chimene chinkawathawitsa pamaliro ndi pulogalamu ya macheza ya pa kanema ija, imene bambo mmodzi amaitana alendo n'kumacheza nawo ola lathunthu, sabata ino woimba, sabata yamawa sing'anga, inayo mlimi wa mbatata. Bamboyo mayi Naliwa anamupatsa dzina lakuti a Jekete, ati sanamuonepo atavala jekete imodzi kawiri, ndipo dera lonse linatengera dzinalo. Ifeyo tinkangoonera n'kumaseka. Iwo ankalemba. Kuyambira Lamulungu loyamba limene pulogalamuyo inaoneka, ankakhala patsogolo pa kanema ndi kope la ana asukulu ndi mapensulo atatu amene anawasongola dzulo lake ndi lezala, n'kumalemba mawu onse otuluka pakamwa pa a Jekete ndi alendo awo. Osati mfundo zikuluzikulu ayi, mawu onse, ndi kutsokomola komwe.

Luso limeneli analitenga ku ntchito. Ali mtsikana anaphunzira shotihandi, kalembedwe ka tizizindikiro kamene dzanja limathamanga mofanana ndi pakamwa, ndipo anakalambira m'maofesi akale aja a m'munsi mwa phiri akulemba zokambirana za m'misonkhano ya akuluakulu. Kumeneko zonse zinali m'Chingerezi. Atapuma ntchito dzanja linkawayabwa, ndiye anakhala pansi n'kudzipangira okha tizizindikiro ta Chichewa. Ukasuzumira m'kope lawo unkangoona ngati mwadutsa nkhuku ya mapazi amatope. Ngakhale anzawo amene anaphunzira nawo limodzi sankatolamo kanthu.

Musaganize kuti ankaikonda pulogalamuyo. Ikatha ankaika pensulo pansi n'kuyamba kuiweruza: a Jekete amafunsa funso lachiwiri loyamba lisanayankhidwe, alendo andale amayankha funso limene abwera nalo kuchokera kunyumba, ndipo mlimi mmodzi amanena zambiri m'mphindi zisanu kuposa ophunzira atatu m'ola lonse. Ifeyo zolemba zawozo tinkazitenga ngati masewera a munthu wopuma ntchito, monga ena amalukira madoyilo. M'zaka zonsezo palibe ndi mmodzi yemwe amene anawapemphapo kuti atiwerengereko.

Malamulo a m'nyumba mwawo pa ola limenelo anali ouma kuposa a m'kalasi mwanga. Kanema wawo anali woyamba m'dera lathu, ndiye anthu ankadzadza, ndipo sankabweza munthu. Koma wolowa ankalowa pakamwa ali potseka, wofuna kuseka aseke cham'mimba. Magetsi akazima ankalemba nthawi imene azimira n'kusiya tsamba loyera, ndipo wina akati awauze zimene wamva kwa mnansi wa jenereta, ankamuyankha ndi mwambi uja wa kandimverere amene anakanena za m'maluwa. Tsiku lina akuchimuna anafika kuchokera ku Phalombe kudzafunsira mwana wawo wamkazi, nthawi itangodutsa folo. Anawakhazika pakhonde, kuwapatsa thobwa, n'kubwerera ku kope lawo. Ukwati umenewo unatsala pang'ono kutha usanayambe.

Amene ankavutika nawo kwambiri malamulowa ndi a Kaliwo, dalaivala wa boma wopuma ntchito, munthu amene sangaone galu akudutsa osaperekapo ndemanga. Ankathamangitsidwa pafupifupi mwezi uliwonse, n'kumabweranso sabata yotsatira ngati palibe chachitika. A Kaliwo ankati macheza ndi oonera anthu akucheza. Mayi Naliwa ankati anthu a dziko lino timamva ndi khutu limodzi, linalo likukonza yankho, n'chifukwa chake timamenyana pa zinthu zimene palibe ananena. Anakangana choncho zaka zonse, ndipo ndikuganiza kuti wina akanasowa, mnzakeyo akanadwala.

Chaka chimene pulogalamuyo inakwanitsa zaka makumi awiri, a ku wayilesi ya kanema anakonza macheza apadera a maola awiri. Munali m'chilimwe, ndipo sabata imeneyo phiri lathu linali litangopsa mbali imodzi. Phulusa linkagwera pa ufa woyanikidwa pamikeka, anthu ali ndi mkwiyo wosowa pougwetsera. Tinadzadza m'nyumba mwa mayi Naliwa tikadali ndi zovala za ku tchalitchi. Pa tebulo la a Jekete panali keke, kunabwera oimba akale, ndipo ankaonetsa timagawo ta macheza a m'mbuyomo. Mauthenga a oonera ankayenda m'munsi mwa galasi: ena kuyamikira, ena kunena kuti a Jekete akalamba asiyireko achinyamata, wina wa ku Masongola kufunsa chifukwa chake mzimayi sanakhalepo pa mpando umenewo. Kenako kunabwera gawo la alendo amene anadabwitsa dziko, ndipo wachitatu kuoneka anali a Saulosi.

A Saulosi tonse timawadziwa. Anali mlonda wa nkhalango ya paphiri, ndipo atapuma anapatsidwa kamalo m'mphepete mwa Mulunguzi kumene amafesa mbande za mitengo n'kumagulitsa. Pagalasi anaoneka tsitsi likadali lakuda, atavala yunifolomu yobiriwira. A Jekete a nthawi imeneyo anafunsa kuti motowo anayatsa ndani, ndipo a Saulosi anayankha momasuka ndithu: "Ndinayatsa ndine, ndi machesi anga. Ndipo mawa ndikhoza kuyatsanso." Kagawoko kanathera pomwepo. A Jekete a lero anagwira pakamwa, anthu a m'situdiyo anaseka, kenako anaika woimba.

M'nyumba muja malamulo anasweka. A Kaliwo, amene analinso wapampando wa komiti ya m'dera yoyang'anira nkhalango, anaimirira chipewa chili m'manja.

"Mwamva? Mwamva nonse eti? Zaka zonsezi tikusakasaka woyatsa phiri, kumene tikugula mbande kwa iye yemweyo!"

Mayi Naliwa sanatukule mutu. Pensulo inapitiriza kuyenda mpaka nyimbo yotsekera.

Pofika Lolemba kagawo kaja kanali m'foni ya aliyense. M'minibasi, pamsika, m'chipinda chathu cha aphunzitsi, nkhani inali imodzi. Achinyamata anakaikira nyimbo, ndipo anthu anayamba kuwatcha a Saulosi kuti a Machesi. Adzukulu awo awiri a m'kalasi mwanga anasiya kubwera kusukulu. Ena anapita kumtsinje kukagubuduza machubu a mbande. Komiti ya a Kaliwo inaitanitsa msonkhano wa Lolemba la sabata yotsatira, mutu wake umodzi basi: a Saulosi achoke pamalo paja. Munthu wa zaka zimenezo, wopanda munda wina, ukamuchotsa pamenepo wamupha. Anayesa kufotokoza, koma anthu ankangowayankha kuti mfiti sivomera. Anzawo amene anali nawo pa moto wakalewo ena anamwalira, ena anabwerera kwawo kalekale, ndipo pa nthawi ya macheza oyambirirawo makanema anali owerengeka, choncho panalibe wokumbukira.

Ndinene pano kuti mayi Naliwa ndi a Saulosi sankamwerana madzi. Kale a Saulosi anawagulitsa mbande ya lalanje imene patapita zaka zisanu inabala mandimu, ndipo mayi Naliwa sanakhululuke. Mtengowo anausiya dala pabwalo kuti aziulozera alendo. Ndiye nditawapeza Lachiwiri m'mawa atatsegula makatoni anayi, makope ali mbwee pamkeka, ndinadabwa.

"Aphunzitsi, munthu uja pa malalanje ngwachinyengo, koma phiri sanayatse," anatero osandiyang'ana n'komwe. "Khalani apa ndikuwerengereni."

Anandiwerengera masamba anayi. Chaka cha macheza akalewo moto unabuka kumtunda, mphepo ikuukankhira ku mitengo yozungulira damu limene tauni yonse imamwako. Alonda anali ochepa, madzi ozimitsira panalibe. A Saulosi anathamangira pa mzere wolambulidwa umene umadula nkhalango, n'kuyatsa udzu wa mbali imene motowo unkachokera, kuti moto waukulu ukafika upeze podya patatha kale. Ndi mmene alonda amachitira zikafika povuta, moto amaupha ndi moto unzake. Anapsa mkono, koma mitengo ya kudamu inatsala. Ku macheza aja anawaitanira zimenezo, ndipo funso la a Jekete linali la moto wachiwiriwo.

Ine ndinasangalala msanga. Ndinati tipite nalo kopeli kwa a Kaliwo pompano, ndipo tinapitadi. A Kaliwo analitembenuza uku ndi uku n'kulibweza.

"Amayi, izi ndi zolemba kapena ndi nthangala za therere? Ife taona ndi maso athu pa TV. Inu mukhoza kutiwerengera chilichonse chimene mwafuna, akutsutseni ndani?"

Ndinaona nkhope ya mayi Naliwa ikugwa, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. A Kaliwo ananena zoona, ndipo iwo anadziwa. Zaka makumi awiri anakhala akusunga umboni umene wotha kuuwerenga ndi mboni yomweyo.

Tikubwerera ndi pamene anandiuza nkhani imene sanaibwerezenso. M'nthawi ya chipani chimodzi, bwana wina anawauza kuti potayipa zokambirana za msonkhano wina achotsemo mizere iwiri ya zimene ananena kalaliki wina. Anachotsa. Mizere yotsalayo inamveka ngati mnyozo, ndipo sabata isanathe galimoto inadzamutenga kalalikiyo ku ofesi. Anabwerako patapita zaka, mano atatha, ndipo akakumana pamsika ankawapatsa moni mwaulemu, osadziwa kanthu. Anandiuza kuti moni umenewo unkawapweteka kuposa kutukwanidwa.

Lachitatu anaimba foni ku wayilesi ya kanema. Kumeneko anawayankha kuti matepi akale anajambulirapo zinthu zina poti anali ochepa, chinatsala ndi timagawo tomweto. Lachinayi anavala suti yawo ya ku ofesi yonunkha mankhwala a njenjete n'kukwera minibasi kupita ku wayilesiko ndi makatoni onse anayi, awiri pansi pa mpando, awiri pamiyendo ya anthu osawadziwa. Za kumeneko ndinamva kwa eni ake. Anakhala pabenchi maola atatu, kenako mayi wokonza pulogalamu anawauza mwaulemu zomwezo zimene ananena a Kaliwo. Apo iwo anali atakonzeka. Anamuuza kuti asankhe kagawo kalikonse mwa timene anasunga, ka chaka chilichonse, awauze tsiku lake, atseke mawu, iwo awerenge, kenako atsegule. Anayesa katatu. Kachitatuko anakawaitana a Jekete kuti adzaone okha.

Lamulungu lotsatira linali loti a Jekete awerenge maganizo a oonera pa macheza apadera aja. Kwa nthawi yoyamba kanema wa mayi Naliwa anayatsidwa eni ake kulibe. Anandisiyira makiyi, kope ndi mapensulo, n'kundilamula kuti ndilembe zimene ndingathe. Mbiri yoti mayi Naliwa aoneka pa kanema inali itamveka, ndiye anthu anadzadza mpaka m'mawindo. A Saulosi ndinakawatenga ndekha. Anakhala pakhomo penipeni ngati munthu wokonzeka kuthawa. A Kaliwo anakhala kutsogolo atapinda manja.

Kenako anaoneka, mayi wathu wa ku Mbedza, pa mpando wa alendo umene miyendo yawo sinkafika pansi. A Jekete anayamba ndi mawu okometsera, iwo n'kuwadula.

"Achimwene, nthawi ndi ola limodzi basi. Tiyeni tiyambe."

Anaika kagawo ka woimba wina, mawu atatsekedwa. Milomo ya woimbayo ikuyenda, mayi Naliwa akuwerenga m'kope chala chili pamzere, mawu ndi milomo zikugwa pamodzi. Chapakati anaima n'kunena kuti apa atsokomola, ndipo pagalasi munthuyo anatsokomoladi. Atabwereza kagawoko ndi mawu, sipanasiyane kanthu. Kachiwiri anaika ka sing'anga, chimodzimodzi. Kachitatu oonera anatumiza mauthenga kuti aike ka a Jekete eni ake, ndipo mayi Naliwa anawerenga ndi ma "eee, eee" awo onse osasiyapo ndi limodzi lomwe, mpaka a Jekete anabisa nkhope m'manja. Mauthenga a m'munsi mwa galasi anayamba kuthamanga moti sitinkatha kuwawerenga. Kunja nthungululu zinkamveka nyumba ndi nyumba.

Atatero anatseka kope limenelo n'kutsegula lina la chikuto chofiira. Anauza dziko kuti poti tsopano mwaona kuti dzanja langali silinama, mverani zimene ananena a Saulosi a ku Zomba asanawadule. Anawerenga masamba onse anayi osathamanga, funso ndi yankho lake, mphepo, damu, mkono wopsa. Atafika pa mawu a machesi aja anawawerenga monga analili, n'kupitiriza ndi mzere wotsatira, pamene a Jekete a nthawi imeneyo anauza anthu kuti aliyense womwa madzi a pampopi ku Zomba aziwathokoza bambo amenewa.

A Jekete anakonza tayi n'kunena kuti zikuoneka kuti panali kusamvetsetsana pang'ono.

"Iyayi," anatero mayi Naliwa. "Kusamvetsetsana kumakhala kwa anthu awiri. Apa munadula ndinu. Nenani bwinobwino, ndipo dzina lawo mulitchule."

Ndipo bambo uja, amene kwa zaka makumi awiri wofunsa anali iye, anayang'ana kamera n'kupepesa kwa a Saulosi, dzina kulitchula kawiri. Ndimupatse ulemu wake, anapepesa ngati munthu, osazungulira.

Ine ndinalira, ndisaname, ndipo sindinali ndekha. A Saulosi anapinda mkono wa malaya pang'onopang'ono mpaka chipsera chonse chinaoneka, chimene ambiri tinkayesa cha madzi otentha a paubwana. A Kaliwo anadzuka, kudutsa pakati pa anthu, n'kukagwada pakhomo paja.

"Achimwene, pakamwa pangapa mukupadziwa, pepani. Msonkhano wa mawa uchitika ndithu, koma mutu wake wasintha."

Mawa lake komitiyo inawaonjezera malo a Saulosi, ndipo amene anagubuduza machubu aja anakawadzazanso dothi okha, osatumidwa. Adzukulu aja anabwerera m'kalasi akuyenda ngati ana a nduna.

Mayi Naliwa anafika Lolemba lomwelo masana. Anthu anakawachingamira pa siteji ya minibasi, amayi akuyala zitenje pansi, a kabaza akuliza mabelu mpaka ku Mbedza. Iwo anadutsa pakati pa zonsezo ngati akuchokera kuchigayo, n'kufikira kundifunsa kope. Ndinali nditalemba mizere itatu ndi theka. Anaiyang'ana, anandiyang'ana ine, n'kundifunsa ngati ana a eni ndimawaphunzitsa chonchi. Sanandilankhule masiku awiri. Choncho macheza okhawo amene anagwedeza dziko ndi amene mulibe m'makatoni awo. Pa tsamba lake analembapo m'zilembo wamba kuti sanalembe chifukwa anali momwemo.

Patapita masiku a Saulosi anatsika phiri ndi mbande ya lalanje yomezanitsa bwino. Mayi Naliwa anailandira, n'kuwauza kuti adzakhulupirira ikadzabala.

Anakhalanso zaka zingapo akulembabe. A ku wayilesi ya kanema anapempha makopewo kuti awasunge, iwo anati adzapereka akadzatsiriza kuwamasulira m'zilembo wamba. Anayambadi, koma maso anafooka, kenako dzanja linayamba kunjenjemera. Ophunzira awiri a kuyunivesite anabwera kudzaphunzira tizizindikiro tawo, ndipo anawathamangitsa sabata yachitatu chifukwa ankasuzumira m'foni. Sindikufuna kuwakometsa mayi amenewa, sakanalola. Luso lawo apita nalo, ndipo mbali ina ndi chifukwa cha ukali wawo womwe.

Dzulo Lamulungu mwana wawo anatsegula nyumba ndipo tinasonkhana ochepa. A Jekete, tsitsi lili mbuu tsopano, anayamba pulogalamu ndi kutchula dzina la mayi Naliwa n'kuimiritsa situdiyo yonse. Mipando ya pabalaza inali ikadali panja chifukwa cha maliro, ndiye tinakhala pamkeka, makatoni atasanjidwa kukhoma. Patsogolo pa kanema, pamene pankakhala tebulo lawo, simenti ndi yoyera kuposa pena ponse, ndipo palibe anakhalapo ngakhale malo anali ochepa. Macheza ali m'kati, a Saulosi, amene masiku ano amayendera ndodo, anandinong'oneza kuti ndiwatulutsire kope la chikuto chofiira. Ndinalipeza. Analitsegula n'kuyamba kuyendetsa chala pa tizizindikiro tija, tsamba ndi tsamba.

"Aphunzitsi, dzina langa analemba pati apa?"

Ndinayang'ana masamba onse anayi. Ndinawauza zoona, kuti sindikudziwa, ndipo palibenso munthu wamoyo amene angadziwe. Anagwedeza mutu, anatseka kopelo, n'kulifungatira pachifuwa mpaka pulogalamu inatha.